Chibwenzi si mankhwala a kusungulumwa

Mayina a osankhidwa kupita ku sukulu za unamwino akatuluka, pakhomo pamakhala chimwemwe chokhachokha. Mayi amaimba nthungululu, bambo amayamba kuwerengetsera za fizi ndi yunifolomu, atsibweni nawo amafika ndi malangizo awo. Mwini wake wa nkhaniyo amasekerera limodzi ndi onse, koma akakagona mumtima mwake mumayenda mafunso amitundu iwiri. Ena amatha kuwafunsa pagulu: kodi maphunzirowo ndikawatha, magazi sindikawaopa, nanga ndalama zikachokera kuti? Ena amawameza, poopa kusekedwa kapena kukalipiridwa: kumeneko ndizikacheza ndi yani, ndikakadwala akandizonda ndani, anzanga akamamanga mabanja ine ndidzakhala ndikadali m'wodi kodi, nanga alipo amene angakonde munthu wosowa nthawi ngati ine? Mafunso omezedwawa ndi amene ndikufuna tikambirane. Maganizo anga ndi akuti mantha amenewa ndi enieni ndipo ali ndi chifukwa chomveka, koma yankho limene achinyamata ambiri amathamangira, loti ndikangopeza chibwenzi zonse zitha, ndi lolakwika. Chimene wophunzira unamwino amayamba kusowa ndi anzake ocheza nawo, ndipo chikondi chimayenda bwino chikapeza anzakewo alipo kale.

Tiyambe tavomereza kuti sukulu ya unamwino imasungulumwitsa mwa njira yakeyake. Taonani kumene sukuluzi zili. Zilipo za m'tauni, monga Kamuzu University of Health Sciences imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, komanso Mzuzu University ndi Malawi College of Health Sciences. Koma anamwino ochuluka a dziko lino amasulidwa m'makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, ndipo ambiri mwa makolejiwa ali kumene amishoni anamanga zipatala zawo kalekale: Trinity ku Muona m'boma la Nsanje, Holy Family ku Phalombe, Malamulo ku Makwasa, St Joseph ku Nguludi, St Luke's ku Malosa, Nkhoma, Ekwendeni. Mwana wokulira ku Ndirande amapezeka ali ku Ekwendeni, odwala akumudandaulira m'Chitumbuka iye akungoti kakasi. Wa ku Karonga amapezeka ku Muona akulimbana ndi Chisena komanso kutentha kwa kuchigwa. Asanazolowere n'komwe, nthawi yopita m'mawodi yakwana, kalasi yagawidwa m'timagulu, mesho wake watumizidwa chipatala china, iye china. Pakatha masabata angapo asinthidwanso, kuchoka ku wodi ya ana kupita ku leba, kuchoka ku leba kupita ku chipatala chaching'ono chakumudzi. Zaka 3 za dipuloma kapena 4 za digiri zimatha chotere, munthu akulongedza ndi kumasula chikwama.

Komabe mtunda si ndiwo umapweteka kwambiri. Chopweteka ndi zimene maso a mwana wa zaka 19 amayamba kuona. Tsiku lina ali pa naiti, gadiyani amabwera akuthamanga kuti adzaone wodwala wake poti wasiya kuyankha. Asisitala amagwira pamkono, amamvetsera pachifuwa, kenaka amauza wophunzirayo kuti akoke sikirini. Amachotsa dripi, amatseka maso a malemuyo, amamanga chibwano, amafunditsa nsalu. Panja amayi ayamba kale kubuma, thirole ikulira m'khonde kulowera ku mochale, ndipo pabedi loyandikana nalo wodwala wina akudikira jakisoni wake amene nthawi yake yakwana. Wophunzirayo amasamba m'manja n'kukabaya jakisoniyo. Kukacha amapereka lipoti, amabwerera ku hositelo anzake akutuluka kupita m'kalasi, amagona pabedi tulo osabwera. Auze ndani? Mayi ake akawauza adzangodandaula kuti mwana wawo akuzunzika. Anzake a ku sekondale amene akuphunzira za bizinesi sangamvetse. Pa WhatsApp sangalembe, poti phunziro loyambirira la ntchitoyi ndi kusunga chinsinsi cha wodwala. Apa ndiye pagona kusungulumwa kwa namwino: amasenza zinthu zolemera zimene lamulo la ntchito yake, msinkhu wake ndi chikondi cha makolo ake sizimulola kutula paliponse.

Ena anena kuti izi ndi za azungu, ife kuno timakhala mwa umunthu, ndipo munthu wogona m'chipinda cha anthu anayi n'kumadyera m'holo yodzaza sangati wasungulumwa. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, limene mu 2023 linakhazikitsa komiti yapadera yofufuza nkhaniyi, linatulutsa lipoti mu 2025 losonyeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse padziko lapansi amasungulumwa, ndipo vutoli ndi lalikulu kwambiri pakati pa achinyamata komanso m'maiko osauka. Ndife amene. Kusungulumwa sikuwerengedwa ndi mitu ya anthu amene akuzungulira. Kumabwera pamene pakati pa anthu onsewo palibe amene akukudziwa mpaka kuzindikira kuti lero sunadye. Ndipo kumavulaza thupi lenilenilo. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake ku America anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti amene ali ndi ubale wolimba ndi anthu ena amakhala ndi mwayi wochuluka wokhala moyo nthawi yaitali, kusiyana kwake kofanana ndi kwa zinthu zimene azaumoyo amachenjeza tsiku ndi tsiku monga kusuta fodya. Makolo athu anaziona kale izi pamene ankati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Chachilendo n'chakuti mwambi timaudziwa, koma mwana akanena kuti ali yekha timamuuza kuti alimbe mtima.

Mwana wotereyu amalandira malangizo awiri. Akuluakulu amati: wapita kukaphunzira, za amuna kapena za akazi uzisiye, udzaziona ukamaliza. Anzake amati: ukufa ndi maganizo chifukwa ulibe wako, peza munthu. Malangizowa amaoneka otsutsana, koma onse akuima pa ganizo limodzi, loti ubale umene ungakhudze mtima wa wachinyamata ndi chibwenzi basi. Akuluakulu akuchiopa, anzake akuchitama, ndipo palibe akufunsa ngati mwanayo ali ndi mnzake ngakhale mmodzi womuuza zakukhosi. Wophunzira unamwino akudziwa bwino zimene zimachitika ukapatsa Panado yekha munthu wodwala malungo: thupi limazizira kwa maola angapo, wodwala amadzuka n'kumaseka, koma tizilombo tikuswana m'magazi chifukwa LA sanamwe. Chibwenzi choyambidwa pothawa kusungulumwa chimachita zomwezo. Masabata oyambirira foni imalira usiku wonse, mtima umapepuka, koma chimene chinasowa chija chikadasowabe.

Choopsa china n'chakuti kusungulumwa kumasokoneza kasankhidwe. Katswiri wa za maganizo John Cacioppo wa ku University of Chicago anatha zaka zambiri akufufuza nkhaniyi, ndipo anasonyeza kuti munthu wosungulumwa amakhala tcheru mopitirira muyeso kufunafuna zizindikiro zoti akukanidwa. Timizere tiwiri tabuluu tikaoneka pa WhatsApp yankho osabwera, iye wagamula kale kuti wasiyidwa, ndipo mawa lake m'kalasi ya za mankhwala mutu uli kwina. Katundu yense amene akanagawana anthu angapo, mnzake wodya naye, wowerenga naye, wopemphera naye, womudandaulira, amamusenzetsa munthu mmodzi, amene mwina nayenso ndi mwana wa zaka 21 wolimbana ndi mayeso ake. Chibwenzi chotere chimatopa msanga. Chikafika poipa, wosungulumwayo sachoka, chifukwa kuchoka ndi kubwerera kuchipinda chopanda womuimbira. Amapirira kunyozedwa, kusechedwa foni, kuletsedwa kucheza ndi anzake, ngakhale kumenyedwa kumene. Anthu ena oipa mtima amazidziwa izi ndipo amadziwa nthawi yofikira: mwezi wachiwiri wa chaka choyamba, ndalama za m'thumba zitatha, kupukwa kutafika pachimake. Amabwera ndi mayunitsi, chakudya cha kulesitilanti ndi mawu okoma. Ena mwa iwo ndi anthu amene ali ndi mphamvu pa wophunzirayo, amene amasaina buku lake la m'wodi kapena kuchonga mayeso ake. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kukakamiza kapena kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, koma lamulo limathandiza amene ali ndi wina womulimbitsa mtima kuti akanene. Tisaiwalenso zimene ophunzirawa amawerenga okha m'mabuku awo, kuti m'dziko muno atsikana ndi amayi achitsikana amatenga HIV kwambiri kuposa anyamata amsinkhu wawo, ndipo zibwenzi ndi amuna akuluakulu zili m'gulu la zifukwa zake. Kudziwa sikumuteteza munthu amene akuopa kuti akatchula kondomu ataya yekhayo amene amamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Wina afunsa kuti, kodi pamenepa simukungobwereza za akuluakulu zija, kuletsa zibwenzi mozungulira? Ayi. Amene ali ku koleji ndi anthu akuluakulu, ndipo kufuna kukonda ndi kukondedwa si uchimo kapena kupepera. Mabanja ambiri olimba anayambira pa sukulu. Chiletso chimangobereka kubisa, ndipo kubisa ndi kumene kumafikitsa mtsikana pomanga mimba ndi nsalu mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kapena pokachotsa mwa njira zoika moyo pachiswe, iye amene mawa lake akaphunzitsa amayi za sikelo. Chimene ndikunena ndi chakuti pali choyamba ndi chotsatira. Munthu amene ali ndi anzake amalowa m'chibwenzi ali ndi maso, chifukwa sakupempha chipulumutso, ndipo ali ndi anthu omuuza zoona akayamba kusochera. Alinso ndi muyeso wosavuta woyesera amene akumufunsira: kodi chibwerereni munthuyu, anzanga achuluka kapena achepa? Kodi ndikamuuza kuti ndili pa naiti amandifunira ntchito yabwino, kapena amayamba kufunsa kuti dokotala amene ali pa ntchito usikuwo ndani? Funso lachiwirili ndi lofunika kwambiri, chifukwa miseche yoti anamwino sasunga banja ikadalipo, ndipo gwero lake ndi nsanje ya anthu osamvetsa kuti matenda sagona. Amene akulephera kupirira naiti ya wophunzira sadzapirira ya namwino wolembedwa ntchito, ndipo ndi bwino kuzidziwa chinkhoswe chisanachitike.

Anyamata nawo asaiwalike, poti masiku ano achuluka ndithu m'makalasi a unamwino ndi uzamba. Iwo analeredwa ndi mawu oti mwamuna salira, choncho chibwenzi chimasanduka malo okhawo amene amaloledwa kufooka. Chikatha, alibe kwina kolowera. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo mavuto a m'banja ndi m'zibwenzi komanso ngongole zimatchulidwa kawirikawiri.

Nkhawa imene ndimaimvetsa kwambiri ndi ya nthawi. Mtsikana wa zaka 22 akapita kumudzi pa holide amapeza anzake amene ankasewera nawo fulaye ali ndi ana awiri kumbuyo ndi kutsogolo, ndipo azakhali sachedwa kufunsa kuti alamu athu tiwaona liti. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Pakati pa anthu otere, wosakwatiwa pa zaka 22 amadziona ngati wotsalira. Koma chiwerengero chimenechi ndi bala limene dziko likuyesetsa kupoletsa, n'chifukwa chake mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Sichingakhale muyeso woti namwino wa mawa azidziyezera. Sindinganame kuti aliyense wodikira adzapeza womuyenera pa nthawi imene akufuna. Ena akamaliza amakhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kulembedwa ntchito, ena amatumizidwa ku chipatala chakutali kumene amsinkhu wawo ndi owerengeka. Koma taganizani, m'masiku ovuta amenewo amagwira munthu dzanja ndani? Ndi anzake a m'kalasi aja, amene amatumizirana uthenga kukatuluka mwayi wa ntchito, amene amabwerekana ndalama yolembetsera mayeso a ku Nurses and Midwives Council, amene amafika ndi chitenje pamaliro a bambo ako. Ndipo nthawi zambiri ndi kudzera mwa anzako omwewo, pa ukwati wa mnzako kapena kwa mlongo wa mesho wako, kumene umakumana ndi munthu amene mbiri yake ili ndi mboni. Kwa wamanyazi amene sanakhalepo pa chibwenzi ndipo akuopa kuti sadziwa poyambira, mawu anga ndi akuti luso lofunika m'chikondi, kumvetsera, kupepesa, kukana mwaulemu, kusunga lonjezo, limaphunziridwa pocheza ndi anzako wamba, ndipo palibe amene wachedwa.

Nanga nthawi yopezera anzakowo ichokera kuti, poti ndandanda ndi yothina kale? Apa unamwino uli ndi mwayi umene maphunziro ena alibe. Jeffrey Hall wa ku University of Kansas anapeza mu 2018 kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhalira limodzi kuti munthu wongodziwana naye asanduke mnzako wamba, ndi maola oposa 200 kuti akhale wapamtima, makamaka ngati maolawo ndi ocheza osati ongogwira ntchito moyandikana. Ophunzira amene atumizidwa wodi imodzi amakhala limodzi maola ochuluka kuposa amenewa, ndipo aona zinthu zofanana, choncho chinsinsi cha wodwala sichiwatsekera pakamwa monga chimachitira kwa anthu akunja. Chotsala ndi kusandutsa ena mwa maolawo kukhala macheza. Potuluka pa naiti, kumwera limodzi tiyi m'malo moti aliyense alunjike kubedi ndi foni yake. Kufunsa mnzako amene anakoka nawe sikirini uja kuti, iwe unagona tulo? Kuphika ndiwo mumphika umodzi mwezi ukafika pakati. Kulowa kwaya, SCOM, YCS, gulu la ophunzira achisilamu, timu ya netibo kapena ya mpira, n'kumapitako ngakhale tsiku limene sukufuna. Poyamba zimachititsa manyazi, ndipo wosungulumwa amaganiza kuti ena onse ali kale ndi magulu awo. Si zoona. M'kalasi ya chaka choyamba ambiri akudikira kuti wina ayambe.

Pali malire amene tiyenera kuwatchula. Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa munthu ali wokhumudwa tsiku lililonse, chakudya osachifuna, tulo osabwera, zimene ankakonda osamukomeranso, kapena akuganiza zodzichotsa moyo, amenewo ndi matenda ofunika chithandizo, monga momwe alili a shuga kapena BP. Anzake amuperekeze kwa azaumoyo, ndipo malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe alipo chifukwa cha zomwezi. Wophunzira unamwino asaganize kuti yunifolomu imamuchotsa pa mndandanda wa odwala. Inunso makolo, mukaimba foni musalekere pa mayeso ndi fizi. Funsani kuti akudya ndi yani, mnzake dzina lake ndani, ndipo akakuuzani kuti wina akumufuna, musayambe ndi kukalipa, chifukwa mukatero ulendo wina simudzamvanso kanthu.

Koma udindo waukulu uli kwa oyendetsa makoleji. Sitingapitirize kutenga ana ongochoka kumene ku Fomu 4, kuwaimika pafupi ndi imfa, kenaka n'kumayesa luso lawo lobaya kanyula lokha. Njira zothandizira sizifuna ndalama zambiri. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo wamba kukhala pa benchi panja pa zipatala za ku Harare n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo zotsatira za kafukufuku zimene zinatuluka mu 2016 zinasonyeza kuti amene anakhala pa Friendship Bench anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ngati agogo anatha, koleji yodzaza ndi aphunzitsi a unamwino singalephere. Pempho langa kwa akuluakulu a makoleji, a Nurses and Midwives Council ndi a bungwe la anamwino la NONM ndi ili: wophunzira aliyense wa chaka choyamba apatsidwe wa chaka chachitatu womuyang'anira kuyambira tsiku lofika, gulu lililonse lobwera kuchokera m'mawodi lizikhala pansi ndi mphunzitsi kukambirana zimene laona, makamaka pakachitika imfa, ndipo pakhale mlangizi amene sachonga mayeso a wina aliyense, woti mwana angamuuze za chibwenzi, za mimba kapena za wamkulu amene akumuvutitsa popanda kuopa kuchotsedwa sukulu. Muziike pa ndandanda ya chaka chamaphunziro chikubwerachi, ophunzira atsopano asanafike.